Chinapha Mbande Zathu N'chiyani?

A Yotamu anali ndi ngongole yanga.
Sinali ngongole ya ndalama, ayi.
Inali ngongole ya nkhuku.
Thadzi langa lamawanga. Thadzi lonenepa. Thadzi loikira mazira tsiku ndi tsiku.
Ndinkalifuna. Ndinkalifuna lero, osati mawa.

Koma dikirani. Nkhani iyi si ya thadzi lokha. Ndi ya Lettie.

Uyu ndi Lettie. Mwamuona? Wavala diresi la sukulu uyo.
Lettie ndi mwana wanga.
Ali ndi zaka zisanu ndi zitatu.
Timakhala ku Kaporo. Timalima mpunga.

Lettie ali ndi funso limodzi. Funso lake ndi lakuti, "Chifukwa chiyani?"
M'mawa, "Chifukwa chiyani?"
Masana, "Chifukwa chiyani?"
Ine ndili ndi yankho limodzi. Yankho langa ndi lakuti, "Ndilibe nthawi."

Chaka chatha Lettie ankafuna kudziwa chinthu chimodzi.
Ankafuna kudziwa chimene chinapha mbande zathu.

*

Tamverani mmene zinayambira.

Unali mwezi wa Novembala. Kunkatentha.
Ku Kaporo kumatentha ndi kale. Koma chaka chimenecho kunanyanya.
Ng'ombe zinkabisala pansi pa mango.
Mchenga unkawotcha mapazi.

Mbewu yanga ya mpunga anali atadya makoswe.
Bambo ake a Lettie anali kuntchito ku Mzuzu.
Ndinapita kwa a Yotamu.
A Yotamu ndi alamu anga, mng'ono wawo wa amuna anga.
Lettie amawatchula kuti Tata.

"Mwaghona, alamu," ndinatero. Ndiwo moni wathu wa Chinkhonde.
"Ena, mwaghona," anayankha.
"Ndikufuna mbewu."
"Mundipatsa chiyani?"
"Mazira asanu."
"Ayi. Thadzi."
"Mazira khumi."
"Thadzi, alamu."
"Chabwino. Koma beseni lidzaze mpaka kutayika."

Beseni linadzaza. Thadzi linapita.

*

Ndinalima nazale pafupi ndi chitsime.
Nazale ndi kamunda kakang'ono.
M'menemo timafesa mbewu.
Mbewu ikamera timati mbande.
Mvula ikagwa timazula mbande. Timakaziwokera kumunda waukulu.

Anthu onse amaphimba nazale ndi udzu.
Ine ndinati, "Udzu ndi wakale."
Ndinali ndi mapepala a pulasitiki. Aja a m'kati mwa matumba a feteleza. Aja oonekera mkati.
Ndinawasoka pamodzi. Linakhala pepala limodzi lalikulu.

Ndinafesa theka la mbewu.
Ndinathirira madzi.
Ndinayala pepala pamwamba.
M'mbali monse ndinapsinja ndi miyala.

"Amama, chifukwa chiyani?" anafunsa Lettie.
"Nkhuku zisalowe. Mbalame zisalowe. Madzi asathawe."
"Nanga mphepo ilowera pati?"
"Ndilibe nthawi. Kasambe."

Mbewu inamera.
Mbande zinali zobiriwira. Zinali zokongola.
Kenako zinasanduka zachikasu.
Kenako zinagona pansi.
Kenako zinafa. Zonse. Sinatsale ngakhale imodzi.

*

Ndinamanga chitenje m'chiuno. Ndinapita kwa a Yotamu.
Lettie anabwera pambuyo panga.
Nthawi ino moni sindinapereke.

"Alamu, mbewu yanu ndi yakufa. Thadzi langa libwere."
A Yotamu anali kukonza goli la ng'ombe. Sanatukule mutu.
"Mbewu yanga ndi yamoyo," anatero.
"Ndi yakufa!"
"Taonani uko."

Ndinayang'ana. Nazale yawo inali kuseri kwa khola.
Mbande zawo zinali zobiriwira. Zinali zitaima chilili.

"Mbewu yake ndi yomweyo," anatero a Yotamu. "Thumba limodzi."
"Munandipatsa yapansi, yovunda."
"Munatapa nokha, alamu. Ndi manja anu."

Thadzi langa linadutsa pabwalo. Silinandiyang'ane n'komwe.

Lettie anakoka chitenje changa.
"Amama, mbewu ndi imodzi. Dzuwa ndi limodzi. Chitsime ndi chimodzi. Za Tata zili moyo. Zathu zafa. Chifukwa chiyani?"
"Ndilibe nthawi," ndinatero. "Tiye."
Ndinatembenuka pachipata. "Thadzi langa libwere!"
"Thadzi silibwera," anatero a Yotamu.

*

Kunyumba ndinayang'ana m'beseni.
Munatsala theka.
Mbewu ina ndinalibe. Thadzi lina ndinalibe.
Iyi ikafa, basi. Chaka chino mpunga kulibe.

Ndinalimanso nazale.
Ndinafesa mbewu yonse yotsala.
Ndinathirira madzi.
Ndinayalanso pepala lija.
Ndinapsinjanso ndi miyala. Nthawi ino ndinawonjeza miyala.

Lettie anawerenga masiku.
Tsiku loyamba, palibe kanthu.
Tsiku lachiwiri, palibe kanthu.
Tsiku lachitatu, timitu toyera.
Tsiku lachinayi, timasamba tobiriwira.

Lettie anagwada. Anasuzumira pa pepala.
"Amama, pepala likutuluka thukuta."
"Pepala lilibe thukuta."
"Lili nalo. Taonani timadontho. Tili mkati, osati kunja."
"Ndiye bwino. Madzi sakuthawa."
"Koma munthu amatuluka thukuta kukatentha. Chifukwa chiyani pepala..."
"Belu lalira. Thamanga kusukulu."

Lettie anathamanga.
Ine ndinasenza dengu la zitumbuwa za mpunga.
Khadi la chipani ndinalimanga pangodya ya chitenje. Popanda khadi kumsika sulowa.
Ndinapita kumsika.

*

Za kusukulu anandiuza ndi Lettie. Ine kunalibe.

Aphunzitsi ake ndi Madamu Esnart.
Kwawo ndi ku Dedza, kozizira.
Kuno amayenda ndi kansalu kopukutira nkhope.

Tsiku limenelo Madamu anabwera ndi botolo.
Botolo lalikulu lagalasi, lija la maswiti.
Anabweranso ndi miyala iwiri yakuda.
Anabweranso ndi masamba awiri a dzungu.

"Tiyeni panja," anatero.

Mwala umodzi ndi tsamba limodzi anaika pansi, poyera.
Mwala wina ndi tsamba lina anaika m'botolo.
Anatseka botolo. Anatsekadi zolimba.
Zonse anazisiya padzuwa.

"Dzuwa ndi lingati?" anafunsa Madamu.
"Limodzi!" anayankha ana.
"Tionana nthawi yopuma."

Ana analowa m'kalasi. Anachita masamu.
Lettie masamu sanawamve. Maso ake anali pawindo.

*

Nthawi yopuma inakwana.
Ana anazungulira botolo.

"Lettie, gwira mwala wapanja."
Lettie anagwira. "Ukutentha."
Madamu anatsegula botolo. "Tsopano gwira wam'kati."
Lettie analowetsa dzanja. Analitulutsa msanga.
"Mayo! Uwu ukuwotcha!"
Ana anaseka.

Tsamba lapanja linali litafota pang'ono.
Tsamba lam'botolo linali lendelende, ngati lophika.

"Chifukwa chiyani?" anafunsa Lettie.
Madamu sananene kuti alibe nthawi.
Anapukuta nkhope. Anakhala pachitsa.

"Galasi ndi loonekera mkati," anatero. "Dzuwa limalowa. Kutentha kumalowa. Koma kutuluka kumavuta. Kumangodzazana momwemo."
Ana anagwedeza mitu.

"Tsopano mverani. Dziko lathu nalonso lili ndi chofunda."
Ana anayang'ana kumwamba.
"Sitikuchiona, Madamu."
"Simungachione. Si galasi. Si nsalu. Ndi mpweya."

*

Madamu anajambula pamchenga ndi kamtengo.
Anajambula dzuwa. Anajambula dziko.

"Dzuwa limatenthetsa nthaka," anatero. "Nthaka imabweza kutentha kumwamba. Kumwambako kuli mpweya wina. Mpweya umenewo umagwira kutentha. Umakusunga ngati bulangete."

"Ndi mpweya woipa?" anafunsa Lettie.
"Ayi. Ukanapanda kukhalapo, dziko lonse likanazizira. Likanazizira kuposa kwathu ku Dedza. Mpunga sukanamera."
"Ndiye ndi wabwino?"
"Bulangete limodzi ndi labwino. Nanga mabulangete atatu? Mu Novembala? Kuno ku Kaporo?"
"Eee! Tingapse!" anafuula ana.

"Anthu ofufuza akuti bulangete la dziko likunenepa," anatero Madamu. "Ndinamva pawailesi. Ndinawerenganso."
"Likunenepa chifukwa chiyani?"
Wofunsa mukumudziwa kale.

"Chifukwa cha moto. Chinthu chikamapsa chimatulutsa mpweya umenewu. Nkhuni zikamapsa. Malasha akamapsa. Mafuta a galimoto akamapsa. Tchire likamapsa."
"Ndi utsi uja?"
"Umatuluka limodzi ndi utsi. Utsi timauona, ndipo umatha. Koma mpweya uwu sitiuona. Ndipo sutha msanga. Umakhala kumwamba zaka zambirimbiri."

Madamu anatchula dzina lake. Ndi dzina lalitali. Lilime langa linakana. Lettie yekha ndiye amatha: kaboni dayokisaidi.

"Dziko likatentha, mvula imasokonezeka," anatero Madamu. "Kwina imachedwa. Kwina imagwa yambiri nthawi imodzi. Mitsinje imasefukira."
Ana anayang'anizana.
Ana a ku Kaporo madzi osefukira amawadziwa.

*

Lettie sankaganiza za madzi osefukira.
Iye ankayang'ana botolo.
M'botolo munali timadontho.
Tinali mkati, osati kunja.

"Madamu, botolo likutuluka thukuta."
"Eya. Ndi madzi a tsamba lija."
"Madamu, nanga pulasitiki yoonekera mkati?"
"Nayonso imatero."
"Ngakhale ya feteleza?"
"Ngakhale ya feteleza."
"Yopsinja ndi miyala?"
"Imeneyo ndiye botolo lenileni."

Lettie anaimirira.
"Madamu, ndiloleni ndipite. Mbande zathu zili m'botolo!"

Madamu anamuyang'ana. Anayang'ana dzuwa.
"Thamanga," anatero.

Lettie anathamanga.
Anadutsa mjigo. Anadutsa tchalitchi.
Anadutsa msewu wa malole a ku Tanzania.
Mchenga unamuwotcha mapazi. Sanaime.

*

Ine ndinali kubwera kuchokera kumsika.
Ndinaona mwana ali panazale.
Akuchotsa miyala yanga. Mwala, mwala, mwala.

"Iwe Lettie! Siya!"
"Amama, zikupsa!"
"Wathawa sukulu?"
"Madamu andilola. Amama, lowetsani dzanja."
"Ndilibe nthawi."
"Dzanja lokha, Amama. Kamodzi kokha."

Ndinatula dengu.
Ndinagwada.
Lettie anatukula ngodya ya pepala.
Ndinalowetsa dzanja.

Mayo ine!
Munali ngati m'poto wa mpunga.
Mpweya wotentha unandimenya kumaso.
Ine ndinkathirira m'mawa, kusanatenthe. Masana ndinali ndisanalowetsemo dzanja.

Ndinayang'ana mbande.
Zinali zitaweramitsa mitu. Koma zinali zisanafe.

Lettie anandiuza za botolo.
Anandiuza za miyala iwiri.
Anandiuza za bulangete la dziko.
Analankhula msangamsanga, osapuma.

*

Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 2.
Koma sindigula chinthu ndisanachione.

"Mwina ndi pepala," ndinatero. "Mwina ndi mbewu ya a Yotamu. Tiyese. Theka tivundukule. Theka likhale m'pepala."
"Ayi, Amama. Theka ndi lambiri. Lifa."
"Ndiye mapazi atatu."
"Chikhatho chimodzi."
"Mapazi awiri."
"Chikhatho chimodzi."
Ndinamuyang'ana mwanayu. Anatengera ndani?
"Phazi limodzi," ndinatero. "Ndamaliza."
"Phazi langa, osati lanu," anatero Lettie.

Tinayeza ndi phazi lake.
Kangodya kamodzi kanatsala m'pepala.
Kwina konse tinavundukula.
Mphepo inadutsa pa mbande.

Pomwepo nkhuku za anansi zinafika.
Imodzi. Ziwiri. Zisanu.
"Shi! Shi!" anatero Lettie.
"Waona?" ndinatero. "Pepala lachoka. Nkhuku zafika. Dzuwa nalo lili pamutu. Tiphimba ndi chiyani? Udzu wonse kutchire anatentha kale."

Lettie anayang'ana uku. Anayang'ana uko.
Kenako analoza.

*

Kumunda kwa a Yotamu kunali mulu waukulu.
Mulu wa mapesi a mpunga, otsala pokolola.
Kuno timawatentha mvula isanagwe, kuti ng'ombe zilime bwino.
A Yotamu anali ataima pamulupo.
M'manja anali ndi machesi.

"Amama, londani nkhuku!" anatero Lettie.
Anathamanganso.

"Tata! Tata! Musayatse!"
A Yotamu anatembenuka.
"Kwagwanji, mwana wanga?"
"Musayatse, Tata. Bulangete linenepa."
"Bulangete la ndani?"
"La dziko."
A Yotamu anakanda mutu. Anakhala pansi.
"Tafotokoza bwino. Pang'onopang'ono."

Lettie anafotokoza.
Anajambula dzuwa pamchenga. Anajambula dziko.
A Yotamu anayang'ana kumwamba nthawi yaitali.

"Moto wanga wokhawu ungatenthetse dziko lonse?" anafunsa.
"Ayi, Tata. Wanu ndi waung'ono. Koma wanu, ndi wa uyo, ndi wa uyo, ndi wa malole onse..."
"Ngati mpunga m'thumba," anatero a Yotamu. "Kambewu kamodzi sikalemera. Koma thumba limathyola msana."
"Eya, Tata. Ndiponso mapesiwa tikuwafuna. Mbande zathu zili pamtetete."

A Yotamu anabweza machesi m'thumba la malaya.

*

Anabwera atasenza mtolo waukulu.
Lettie anasenza waung'ono.

A Yotamu anaona pepala langa. Anaona miyala.
Analowetsa dzanja pa kangodya kaja. Analitulutsa msanga.
"Alamu, mumalima mpunga kapena mumaphika?"
"Sindinakufunseni," ndinatero. "Mapesi mugulitsa bwanji?"
"Mazira asanu."
"Mazira ndiwatenga kuti? Thadzi lili kwanu. Ndiponso mumati muwatenthe. Chotentha chilibe mtengo."
A Yotamu anaseka. "Tengani."

Tinazika timitengo.
Tinamanga kampanda ka mapesi kuzungulira nazale.
Nkhuku zinayang'ana. Zinalephera kulowa.
Pamwamba tinamanga kadenga kopyapyala.
Dzuwa linalowa pang'ono.
Mphepo inalowa. Mphepo inatuluka.

Lettie anatunga madzi. Anathirira pang'onopang'ono.
"Musafe," anauza mbande. "Chonde musafe."

*

Tsiku lotsatira Lettie anadzuka msanga.
Anathamangira kunazale.
Mbande zina zinali zitadzuka. Zina zinali chigonere.
"Amama, zichira?"
"Sindikudziwa," ndinatero. Ndinanena zoona.

Tsiku lachiwiri zinadzuka zambiri.

Tsiku lachitatu Lettie anafuula.
"Amama! Tata! Bwerani!"

Tinabwera.
Pansi pa mapesi mbande zinali zobiriwira. Zinali zitaima chilili.
Pansi pa pepala, pa phazi limodzi lija, zinali zachikasu. Zinali zitagona. Zinali zitafa.

Mbewu imodzi. Dzuwa limodzi. Chitsime chimodzi.

A Yotamu anandiyang'ana.
Ine ndinayang'ana nkhuku.

*

Loweruka Madamu Esnart anabwera.
Ankafuna kuona botolo langa lalikulu, nazale ija.
Ndinawayalira mphasa pansi pa mango.
Ndinawapatsa zitumbuwa.

"Madamu, ndili ndi funso," ndinatero.
Lettie anatsegula maso. "Amama, inu?"
"Khala chete. Madamu, bulangete lanulo, analinenepetsa ndani?"
"Tonse, mayi. Koma ena kwambiri."
"Ndani?"
"Maiko a kutali. Kumeneko kuli mafakitale ambiri. Kuli magalimoto ambiri. Amatentha malasha ndi mafuta usana ndi usiku."
"Ife tili ndi njinga imodzi. Nayonso ilibe mabuleki."
"Ndi zoona."
"Koma kutentha kufika kuno?"
"Mpweya sudziwa malire, mayi. Sufuna pasipoti."
"Ndiye iwo aphika, ife tipsa nawo?"
Madamu anapukuta nkhope. "Ofufuza akutero."
"Mukawalembere kalata. Muwauze kuti achepetse moto."
Madamu anaseka pang'ono. "Adzalemba ndi Lettie. Akadzakula."

"Ndidzalemba," anatero Lettie. "Koma Madamu, bulangete la dziko tingalivundukule, ngati pepala lija?"
"Ayi, mwana wanga. Lilibe ngodya yogwira."
"Ndiye titani?"
"Tisawonjezepo. Ndiponso tisunge mitengo. Mitengo imamwa mpweya umenewu."
Lettie anayang'ana mtengo wa mango.
"Uwu ukumwa pano?"
"Ukumwa."
"Ndagha," anatero Lettie kwa mtengo. Ndiko kuthokoza kwathu.

*

Mvula inachedwa. Koma inagwa.
Tinazula mbande. Tinazimanga m'timitolo.
Tinawokera tonse, ine, Lettie ndi a Yotamu.
Matope anafika m'mawondo.
Mbande zinakwana munda wonse, kupatula mzere umodzi.
Mzere wa phazi lija.

Mapesi otsala tinapatsa ng'ombe.
Ena tinayala kudimba.
Pepala ndinalipinda. Tsopano limaphimba nkhuni mvula ikamagwa.

Lamulungu ndinaphika mpunga wa pa ukwati. Wa mafuta ndi anyezi.
Ndinagula kapu imodzi kumsika, chifukwa wathu unali usanache.
Ndinasenza poto. Ndinapita kwa a Yotamu.
Lettie anabwera patsogolo panga.

"Mwaghona, alamu."
"Ena, mwaghona. Mwabwerera thadzi?"
"Ayi."
"Chifukwa silibwera."
"Ndamva. Mbewu yanu inali yamoyo. Wolakwa ndinali ine. Ngongole palibe. Idyani mpunga usanazizire."

A Yotamu anatsegula poto. Ananunkhiza.
"Tabwerezani, alamu. Khutu ili silimva bwino."
"Ndanena kamodzi. Ndilibe nthawi."

Anaseka mpaka kutsokomola.
Tinasamba m'manja. Tinadya tonse atatu, mbale imodzi.

*

Tili kudya, tinamva kulira.
Piyo, piyo, piyo.
Thadzi lamawanga linatuluka kuseri kwa khola.
Pambuyo pake panali anapiye.
Lettie anawerenga. Analipo asanu ndi awiri.

A Yotamu anagwira kamodzi. Kamawanga, ngati mayi ake.
"Aka si ka ngongole," anatero. "Aka ndi ka Lettie. Anapulumutsa mpunga."
"Tiwiri," ndinatero.
"Kamodzi."
"Tiwiri. Kamodzi kamafa ndi mphepo."
"Kamodzi, alamu. Kagona kwa mayi ake mpaka kakule."

Anakaika m'manja mwa Lettie.
Lettie anakagwira bwinobwino.
Kanali kofewa. Kanali kofunda.
Kenako anakatsitsa pansi.
Kanathamangira kwa mayi ake. Kanalowa pansi pa phiko.

"Amama, taonani," anatero Lettie. "Bulangete limodzi. Lokwanira."
Kenako anakwinya nkhope.
"Koma Amama, kakafundidwa kwambiri kamatulutsa mutu. Dziko lingatulutse mutu pati?"


Ndinasendera pamphasa. Ndinamupatsa malo.
"Khala apa," ndinatero. "Funsanso bwino. Lero nthawi ndili nayo."